Kusankha Njira ya Kuphiri M'nyengo Yozizira, Kuno Kwathu ndi Kunja

Munthu wa ku Mbayani, mumzinda wa Blantyre, sachita kuuzidwa kuti phiri n'chiyani. Akatuluka pakhomo, Michiru lili chakumadzulo, Ndirande chakummawa, Soche kuseri kwa tauni. Kale kuphiri kunkapita ofuna nkhuni, osaka mbewa ndi okapemphera. Masiku ano kukupitanso makwaya, magulu a achinyamata, ana a sukulu ndi aphunzitsi awo, amayi a banki mkhonde akagawana ndalama, ngakhale banja lonse pa tchuthi cha 6 Julayi. Abale athu a ku Joni ndi ku Ulaya nawo akutumiza zithunzi pa WhatsApp ali pamwamba pa mapiri a kumeneko, ndipo ena mwa inu mukadzaitanidwa kukacheza adzakutengani pa ulendo wotere.

Ambiri amasankha Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo salakwa. Mvula yamphamvu yatha, mitsinje yaphwera, dzuwa silinayambe kuotcha. Koma miyezi yomweyi ndi imene kuphiri kumazizira mpaka kupha munthu. Kabuku kano kalembedwa kuti onse amene anyamuka abwereko ndi miyendo yawo. Posankha njira musayambe ndi dzina la phiri. Yambani ndi munthu wofooka kwambiri pagulu lanu, maola a dzuwa amene muli nawo, ndi nyengo ya tsikulo.

Kuzizira kwa kuphiri n'kwina

Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mzinda wa Blantyre uli pa mamita 1,000 ndi pang'ono. Nsonga ya Sapitwa ku Mulanje ili pa mamita 3,002. Ndiye kuti m'mawa umene inu mukuotha mbaula ku Mbayani pa madigiri 12, ku Sapitwa madzi atsala pang'ono kuundana. Pamwamba pa Mulanje ndi pa Nyika chisanu chimagwadi mu Juni ndi Julayi, udzu n'kuyera mbee m'mawa.

Komabe kuzizira pakokha sikugwetsa munthu msanga. Choopsa ndi pamene kuzizira, mphepo ndi chinyezi zakumana. Malaya onyowa, kaya ndi mvula kaya ndi thukuta, amalanda kutentha kwa thupi mofulumira, ndipo mphepo ikaomba pa malaya onyowawo munthu amayamba kunjenjemera ngakhale ali mnyamata wamphamvu.

Zitatuzi zimabwera pamodzi ndi chiperoni. Ndi mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja yamchere kudzera ku Mozambique, imene imafika ndi mvula ya mawawa ndi chifunga, n'kukhala masiku awiri, atatu, nthawi zina sabata yathunthu. Mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Zomba ndiwo amayamba kuilandira. Kuno ku tauni chiperoni chimangotivutitsa ndi zochapa zosauma pachingwe. Kuphiri chimabisa njira moti mnzanu amene ali mapazi khumi patsogolo simumuona.

Palinso nkhani ya dzuwa. Mu Juni limatuluka cha m'ma 6 koloko, n'kulowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo m'zigwa ndi m'nkhalango mdima umayamba lisanalowe n'komwe. Maola amene muli nawo ndi 11 basi, kuphatikizapo oyenda pa minibasi.

Zofunsana musanasonkhe ndalama

Khalani pansi monga banja kapena gulu, musanauze woyendetsa minibasi tsiku. Funso loyamba ndi lakuti: wofooka kwambiri pakati pathu ndani? Mwina ndi mwana wa zaka 7, mwina ndi agogo, mwina ndi bambo wooneka wathanzi koma wa mphumu kapena BP. Njira ikhale ya msinkhu wa ameneyo. Achinyamata adzanyinyirika, asiyeni anyinyirike. Gulu likagawikana paphiri, othamanga patsogolo ndi otopa kumbuyo, ngozi yayamba kale. Amene ali ndi matenda a mtima, shuga, mphumu, ndi amayi oyembekezera, afunse kaye kuchipatala, ndipo aliyense amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku atenge oposa a tsiku limodzi.

Kachiwiri werengani maola. William Naismith wa ku Scotland anapereka kawerengedwe mu 1892 kamene okwera mapiri akugwiritsabe ntchito: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezapo ola limodzi pa mamita 600 alionse a chikweza. Njira ya makilomita 5 yokwera mamita 600 ndi maola awiri. Koma amenewo ndi maola a munthu wozolowera, wosapuma. Banja liwonjezepo theka lake, akhale maola atatu, ndipo musadzinamize kuti kutsika n'kwachangu. Maondo amakhala atatopa, miyala ikugubuduzika, ndipo anthu ambiri amabinya mwendo potsika.

Mukawerenga, gwirizanani ola lobwererera. Pa ulendo wa tsiku limodzi, 1 koloko masana ndi malire abwino. Ikakwana, kaya nsonga ikuoneka apo, mukutembenuka. Ola limeneli ligwirizanidwe muli kunyumba, chifukwa paphiri aliyense amati tatsala pang'ono. Sankhaninso anthu awiri: wotsogolera amene palibe womupitirira, ndi wotsekera kumbuyo amene palibe wotsala pambuyo pake. Wotsogolera asakhale wapampando chifukwa choti ndi wapampando, akhale wodziwa njira.

Funsaninso za pothawira. Nyengo ikasintha muli pakati, kodi pali msewu, nyumba kapena mudzi pafupi? Njira yokhala ndi pothawira pambiri ndi yabwino kwa ana ndi oyamba kumene, ngakhale itakhala yaitali. Njira ya pamsana pa phiri, phompho uku phompho uku, ndi ya tsiku lopanda mtambo ndi anthu ozolowera.

Za nyengo, mverani uthenga wa nthambi yoona za nyengo pa wailesi kapena pa Facebook masiku atatu musananyamuke, ndi usiku womaliza. Akalengeza chiperoni kapena mwera wamphamvu, sinthani tsiku. Ndalama ya minibasi imene mwalipira kale isakukakamizeni.

Mapiri a pakhomo

Yambani ndi Michiru. Ndi lalitali mamita pafupifupi 1,470, ndipo kuchokera ku Mbayani simufunika ndalama zambiri kuti mufike ku Chilomoni kumene njira zimayambira. Njira ya Mtanda, imene Akatolika amakwera makamaka Lachisanu Loyera, ndi yodziwika, yosasokoneza, ndipo malo opempherera amene ali m'njiramo amapatsa anthu mpata wopuma. Ndi poyesera pabwino: amene wavutika pa Njira ya Mtanda asalembedwe pa ulendo wa ku Mulanje chaka chomwecho. Mbali ina ya phirili ndi malo otetezedwa, kuli ofesi ndi alonda a boma. Mukalowera kumeneko lembetsani, lipirani, ndipo pemphani mlonda akuperekezeni. Kuli anyani ndi afisi, koma chimene chingakulizeni kwambiri nyengo ino ndi chitedze, chimene chimakhala chitauma m'mbali mwa njira za m'munsi. Ana avale mathalauza ndi malaya a manja aatali.

Ndirande ndi lalitali kuposa Michiru, mamita 1,600 ndi pang'ono, ndipo mitengo yake yambiri inatha m'zaka za m'ma 1990. Popanda mitengo palibe chotchinga mphepo, choncho pamwamba pamazizira kuposa mmene mukuganizira mukaliyang'ana muli pakhomo. Chakumapeto kuli matanthwe ofuna kugwira ndi manja. Soche nalo lili ndi mbali zimene zinagumuka nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Musadutse m'makwalala amene madziwo anasiya, nthaka yake ndi miyala yake sizinakhazikike. Pa mapiri onse a m'tauni pitani muli gulu, masana, mafoni ali m'thumba, chifukwa akuba nawo amadziwa njira.

Mawu apadera kwa okapemphera usiku. Munthu amene akusala kudya amazizidwa msanga kuposa amene wadya, chifukwa thupi lilibe choti lisandutse kutentha. Ngati mpingo wakonza zochezera kuphiri mu Juni kapena Julayi, sankhani malo a m'munsi, kuseri kwa mwala kumene mphepo sifika, pafupi ndi njira yotsikira. Tengani mabulangete ndi pepala lalikulu la pulasitiki. Makanda, okalamba ndi odwala atsale kunyumba kapena ku tchalitchi, pemphero lawo limveka komweko.

Zomba, kwa banja lokhala ndi ana

Gulu losakanikira, ana, makolo ndi agogo, lipite ku Zomba. Chifukwa chake n'chakuti msewu wa tala umakwera mpaka pamwamba, ku Ku Chawe, ndiye wotopa angathe kutengedwa pa galimoto. Kuchokera pamenepo pali njira zofatsa zopita ku damu la Mulunguzi ndi ku mathithi a Williams, ndi zotalikirapo zopita ku Emperor's View ndi Queen's View kumene mumaona tauni ya Zomba ndi nyanja ya Chilwa. Achinyamata ofuna thukuta akwere wapansi pa Potato Path kuchokera m'tauni, akakumane ndi anzawo pamwamba. Nsonga yaitali ya phirili imapitirira mamita 2,000, choncho juzi ndi yofunika ngakhale m'tauni mukutentha. Ku dzenje la Chingwe gwirani ana padzanja, ndipo kukakhala chifunga musayandikire m'mphepete mwa phompho lililonse.

Mulanje

Apa ndiye pofunika kudekha. Mulanje si phiri limodzi, ndi dziko lina la pamwamba, lokhala ndi zigwa, mitsinje ndi nsonga zambiri zopitirira mamita 2,500. Mukakwera minibasi ku Limbe, kaya yodzera ku Midima kaya ku Thyolo, mumatsikira pa Chitakale n'kupitiriza mumsewu wa ku Phalombe mpaka ku Likhubula, wa ku Mulanje, osati wathu wa kuno. Pa ofesi ya zankhalango ya ku Likhubula mumalembetsa maina, kulipira, ndi kupeza gaidi ndi onyamula katundu. Mitengo imasintha, choncho funsani musananyamuke ndipo mugwirizane zonse musanayambe kukwera.

Ena amaona ngati kulipira gaidi ndi za azungu. Safunsa anadya phula. Anyamata ndi abambo amenewa anakulira m'munsi mwa phirili, amadziwa mtambo umene ukubweretsa chiperoni, amadziwa njira zimene Freddy anaononga ndi kumene zinapatutsidwira. Pa bajeti yanu ndalama ya gaidi ikhale yoyamba, ya zakumwa ikhale yomaliza. Wonyamula katundu nayenso ndi munthu: musamusenzetse thumba loti inu simungalinyamule n'komwe, ndipo muonetsetse kuti ali ndi chofunda ndi chakudya.

Kwa banja la tsiku limodzi, Dziwe la Nkhalamba ndi lokwanira. Ndi ulendo wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono kuchokera ku Likhubula, ndipo mathithi ake ndi okongola moti palibe amene adzadandaule kuti sanafike pamwamba. Madzi ake ndi akuya komanso ozizira kwambiri miyezi ino. Wosadziwa kusambira asalowe, ndipo wodziwa asadumphiremo thupi lili lotentha ndi ulendo.

Kwa gulu la achinyamata ndi akulu amphamvu amene ali ndi masiku awiri, pitani ku Chambe. Mumakwera mamita pafupifupi 1,000, maola atatu kapena anayi kwa ozolowera, asanu kwa ena. Njira ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira, ndipo ilibe mthunzi wambiri. Njira ya Chapaluka imatsata mtsinje kudzera cha ku Dziwe la Nkhalamba, ndi yotalikirapo koma ili ndi madzi. Ambiri amakwera ina n'kutsika ina. Pamwamba pali tinyumba togona alendo, ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu, Chisepo ndi kwina. Mumapezako mlonda, pokolezera moto ndi madzi a mumtsinje, koma chakudya ndi zofunda n'zanu. Usiku wa Julayi m'tinyumbati bulangete limodzi silikwana.

Njira ya Boma, yochokera ku Mulanje boma kupita ku Lichenya, ipeweni ngati muli oyamba kumene. Ili ndi matanthwe osalala oimirira, ndipo mwala wa ku Mulanje ukanyowa umaterera ngati therere. Dziwaninso kuti mbali ya kummwera ndi kummawa, yoyang'ana minda ya tiyi, ndiyo imalandira chinyezi chambiri, pamene mbali ya ku Phalombe imakhala youmirapo. Nyengo ikakhala yokayikitsa, funsani za njira ya ku Fort Lister yopita ku Sombani.

Sapitwa ndi ulendo wa masiku atatu: tsiku lokwera mpaka ku Chisepo kapena ku Chambe, tsiku la nsonga, ndi tsiku lotsika. Kuchokera ku Chisepo mumanyamuka mbandakucha, mumakwera matanthwe ndi manja ndi miyendo, mumakwawa pansi pa miyala ikuluikulu, mukutsata zizindikiro za penti zimene chifunga chikabwera sizioneka. Si njira ya ana, si njira ya tsiku la chiperoni, ndipo si njira ya munthu mmodzi. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, amene anali atayenda maiko ambiri, anapitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa atasiya gaidi wake m'munsi. Nyengo inasintha, anasochera, ndipo thupi lake linapezeka mu Ogasiti atafa ndi kuzizira. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anasowa pa nsonga yomweyi atapita yekha. Akuluakulu a kumeneko ali ndi nkhani zawo za mizimu ya m'phirili, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse. Kaya nkhani za mizimuzo mumazikhulupirira kaya ayi, langizo la akuluwo ndi la madokotala likufanana: osachoka pagulu.

Mwina munamvapo za mpikisano wa Porters Race umene umachitika chaka ndi chaka cha mu Julayi, pamene othamanga amakwera kuchokera ku Likhubula, kudutsa pamwamba, n'kutsika maola atatu asanakwane. Musawerengere ulendo wanu pa liwiro la anthu amenewo. Ndipo moto musakoleze patchire. Udzu ukauma, kamoto kamodzi kamatentha phiri lonse pamodzi ndi mbande za mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene watsala pang'ono kutheratu.

Mukapita kunja

Mafunso ndi omwe aja, koma pali zina zimene zimasokoneza Mmalawi.

Ku South Africa nyengo yozizira ndi miyezi yofanana ndi yathu, koma kuzizira kwake n'koposa. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, chisanu chimagwa kawirikawiri, ndipo mu Julayi 2023 munagwa sinowo mumzindamo. Ofuna kuyenda ndi ana ayambe ndi timapiri ta pafupi monga Klipriviersberg kapena Suikerbosrand, kumene njira zili ndi zikwangwani ndipo mumabwerera tsiku lomwelo.

Ku Cape Town zinthu n'zotembenuka: mvula yawo imagwa nthawi yozizira, Juni mpaka Ogasiti. Table Mountain ndi lalifupi kuposa Michiru, mamita 1,086, koma limayambira pa nyanja, ndipo mtambo umaliphimba mwadzidzidzi. Njira yosasokoneza ndi Platteklip Gorge, masitepe a miyala okhaokha, maola awiri kapena atatu. India Venster ili ndi malo okwera ndi manja pafupi ndi maphompho, isiyireni ozolowera. Lion's Head, mamita 669, imaoneka yaing'ono koma ili ndi maunyolo ndi makwerero amene amaterera kukanyowa. Cholakwika chimene alendo ambiri amachita ndi kukwera wapansi akudalira kuti atsika pa cable car, galimoto yolendewera pa chingwe. Imatsekedwa kukakhala mphepo yamphamvu, ndipo zaka zambiri imaima masiku angapo m'nyengo yozizira kuti ikonzedwe. Sungani mphamvu ndi maola otsikira wapansi. Oyang'anira phirili amalangiza kuyenda anthu anayi kapena kuposa, chifukwa cha ngozi komanso achifwamba.

Mapiri a Drakensberg, m'malire a South Africa ndi Lesotho, ndi nkhani ina. Pamwamba pake pamafika mamita 3,000 ndi kupitirira, sinowo amagwa, ndipo usiku madzi amaundana m'botolo. Njira ya makwerero a unyolo yochokera ku Sentinel kupita pamwamba pa Amphitheatre ndi yotchuka pa zithunzi, koma chitsulo chozizira ndi zala zofa dzanzi sizigwirizana. Banja lisankhe njira za m'chigwa, monga ya Tugela Gorge ku Royal Natal National Park, ndipo lilembe m'kaundula wa opulumutsa anthu amene amakhala pa ofesi, n'kukalembanso pobwera. Ku Sani Pass, mamita 2,876, mukuoloka malire kulowa Lesotho, ndiye pasipoti ikhale m'thumba. Abale a ku Zimbabwe akakutengani ku Nyangani, mamita 2,592, dziwani kuti vuto lake ndi la Sapitwa lomwe: chifunga chobwera mwadzidzidzi, ndipo anthu anasowako.

Kilimanjaro ku Tanzania, mamita 5,895, sakwera popanda gaidi wovomerezeka, ndipo ulendo wake umatenga masiku asanu kapena kuposa. Kumeneko kuwonjezera pa kuzizira pali kuchepa kwa mpweya. Kupitirira mamita 2,500 ena amayamba kumva mutu, nseru ndi kusowa tulo. Mankhwala ake ndi kukwera pang'onopang'ono, ndipo zikakula, kutsika. Sankhani ulendo wa masiku ambiri ngakhale uli wodulirapo.

Ku Ulaya nyengo yozizira ndi Disembala mpaka Febuluwale, nthawi imene kuno tikupalira. Ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone kumene dzina la mzinda wathu linachokera, dzuwa la Disembala limalowa 4 koloko isanakwane. Phiri lawo lalitali, Ben Nevis, ndi mamita 1,345, lalifupi kuposa mapiri onse atatu a m'tauni mwathu. Musapusitsidwe ndi nambalayo. M'nyengo yozizira limakutidwa ndi sinowo ndi madzi oundana, ndipo okwera amavala zitsulo zamano kunsi kwa nsapato ndi kunyamula nkhwangwa yapadera, ataphunzitsidwa kagwiritsidwe kake. Mlendo wochokera ku Mbayani asankhe njira za m'munsi, za m'mphepete mwa nyanja ngati Loch Lomond, kapena kaphiri ka Arthur's Seat mumzinda wa Edinburgh, mamita 251.

Kulikonse kumene muli, sungani nambala yoitanira thandizo musananyamuke: 112 pa foni ya m'manja ku South Africa ndi maiko ambiri a ku Ulaya, 999 ku Britain, kumene mumapempha apolisi kenako opulumutsa anthu kumapiri. Ku Britain opulumutsawa ndi anthu ongodzipereka ndipo salipiritsa, koma m'maiko ena bilu ya helikopita imabwera kwa inu. Pogula inshuwalansi ya ulendo funsani ngati ikukhudza kukwera mapiri, ndi mpaka mamita angati. Ndipo kwa abale amene mapepala awo sali bwino: mnzanu akavulala paphiri, imbani foni. Za mapepala zidzakambidwa munthu ali moyo.

Zovala ndi kamba

Simufunika sitolo yodula. Zonse zili pa kaunjika, ku Mbayani komweko, ku Ndirande kapena ku Limbe, mukapita m'mawa belo litangotsegulidwa. Valani zovala zingapo zopyapyala m'malo mwa chijasi chimodzi cholemera: mkati malaya a timu ya mpira, chifukwa amauma msanga, pakati juzi yaubweya, kunja jekete yosalowa madzi ndi mphepo. Pokwera vulani zina kuti musanyowe ndi thukuta, mukaima valani nthawi yomweyo musanayambe kuzizidwa. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa siziuma, zisiyeni kunyumba. Amayi avale thalauza kapena taiti yokhuthala mkati, chitenje pamwamba; chitenjecho chidzagwiranso ntchito ya mpango, chofunda, ngakhale chomangira mwendo wobinya. Chipewa chaubweya, magolovesi ndi masokosi apadera ouma zikhale mu jumbo yomanga bwino m'chikwama.

Nsapato zikhale zamapazi okhakhala, zimene mwayenda nazo kale. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza musanafike theka la njira. Patapata ndi nsapato zosalala za ku tchalitchi ayi.

Kamba akhale wopepuka koma wopatsa mphamvu: mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi, chigumu, mazira owiritsa, ndi tiyi wa shuga mu fulasiki. Munthu aliyense malita awiri a madzi, chifukwa kukazizira ludzu silimveka koma thupi likuuma. Idyani pang'onopang'ono ola lililonse, musadikire njala. Tochi ndi mabatire apadera zitengedwe ngakhale mukuti mubwera masana. Tochi ya pa foni imamaliza batire limene mukufuna poitana thandizo, ndipo batire limatha msanga kukazizira. Onjezani wezulo, machesi okulunga m'pulasitiki, bandeji ndi panado.

Mowa usapite nawo. Kachasu kapena tizakumwa ta m'mabotolo ang'onoang'ono timachititsa munthu kumva kutentha pakhungu pamene mkati thupi likutaya kutentha, ndipo timamulanda nzeru pamalo ofunika nzeru.

Zikavuta

Munthu amene kuzizira kwamulowa amayamba ndi kunjenjemera kosaleka. Kenako amapunthwapunthwa, zala zimakanika kumanga zingwe za nsapato, mawu amatuluka ngati woledzera, amakwiya kapena kungoti ndisiyeni ndigone. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira ndi wosokonezeka, zafika poipa. Musamukalipire kuti alimbe mtima. Imani, mupezereni malo obisika ku mphepo, muvuleni zonyowa n'kumuveka zouma, muyalireni zikwama kapena udzu kuti asagone pa mwala, mumufunditse mutu ndi chifuwa, ndipo anthu awiri amukumbatire uku ndi uku. Ngati akutha kumeza, mupatseni tiyi wotentha wa shuga. Musamutikite manja ndi miyendo, musamuike pafupi kwambiri ndi moto, musamupatse mowa. Mutumize anthu awiri, osati mmodzi, kukaitana thandizo, ndipo akatsika apite naye kuchipatala ngakhale akuti ali bwino.

Mukagona m'kanyumba kapena mu tenti, musalowetse mbaula ya makala n'kutseka zitseko. Utsi wa makala wosaoneka ndi wosanunkha umapha anthu ali m'tulo, kuphiri ngakhalenso kuno ku Mbayani.

Chifunga chikakutsekerani, sonkhanani pamodzi ndi kuwerengana. Ngati chizindikiro chomaliza cha njira mukuchikumbukira ndipo chili pafupi, bwererani pamenepo. Ngati njira yasoweratu, khalani pomwepo, valani zonse, imbani wezulo mobwerezabwereza, dikirani kuyere. Musatsate mtsinje poganiza kuti ukufikitsani kumudzi: mitsinje ya ku Mulanje ndi ku Zomba imatsika pa maphompho. Netiweki paphiri imapezeka apa n'kusowa apo, choncho foni musaiyese chingwe chokupulumutsani.

N'chifukwa chake musanatuluke pakhomo, lembani papepala maina a onse amene akupita, phiri ndi njira imene mwasankha, nambala ya gaidi kapena ya ofesi imene mukalembetse, ndi ola limene mukuyembekezeka kufika. Pepalalo lisiyeni kwa munthu wamkulu amene akutsala, kaya ndi a neba, a mfumu a m'dera kapena mkulu wa mpingo, ndipo mumuuze kuti olalo likapitirira ndi maola awiri musanaimbe, asadikire kuti kuche, akanene kupolisi.